Kufulatira Dona

Dokotala wa opaleshoni sanabise mawu. Anati akang'amba pamimbapo ndi kusoka, amake Dona sadzanyamula kanthu kolemera kuposa ketulo ya madzi kwa miyezi ingapo. Iwo anavomera ndi mutu, anathokoza, n'kutuluka. Pabenchi ya panja panali Dona, mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, miyendo yake yowonda itapingasana, akudikira kuti anyamulidwe.

Anamubereka. Chotupa chimene dokotala ankafuna kuwachotsa chinakoka pansi pa mchombo monga chinkachitira nthawi zonse, ndipo iwo anapumira m'mano mpaka ululu utadutsa.

"Mwakhalitsa," anatero Dona ali kumsana. Mawu ake ankatuluka pang'onopang'ono, lililonse palokha, koma ankatuluka ndi ulamuliro wonse. Dzinalo linachokera pomwepo. Ali wamng'ono ankaloza ndi chibwano chimene akufuna, ndipo bambo ake ankaima njo n'kunena kuti, "Chabwino, adona." Dzina la ubatizo linangotsala la kutchalitchi.

"Pepani adona, wantchito wanu wakalamba."

Dona anabadwa osalira msanga, ndipo miyendo yake inakula yolimba, dzanja lamanzere lofumbata. Mutu wokha unali wakuthwa kuposa wa aliyense m'nyumbamo. Tsiku lake lonse linali m'manja mwa mayi ake: kuchoka pabedi kupita pampando wamatayala, pampando kupita kuchimbudzi, kuchimbudzi kupita m'bafa losambira, kenako kubwerera. Bambo ake ankayendetsa basi. Ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, msana utauma ngati thabwa.

Nkhani ya opaleshoniyo itamveka, achibale anapeza njira mofulumira. Azakhali a Dona, mlongo wamkulu wa bambo ake, adzamutenga akakhale kwawo mpaka bala litapola. Kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Azakhaliwo anali munthu wabwino, ndipo apo ndi pamene panali vuto. Chikondi chawo chinali chomugoneka mwana pamatiresi, kumufunditsa mabulangete ndi kumudyetsa ndi supuni. Dona atapitako chaka china kwa kanthawi kochepa chabe, anabwera mawondo osawongoka, supuni ataiwala kagwiridwe kake. Kumeneko kunalibe mafizo, masewero a kuchipatala owongola minofu. Ndipo amake ankadziwa mmene mawu oti "mpaka mutachira" amatalikira m'banja. Mwana akazolowereka kwina, anthu amayamba kunena kuti bwanji angokhala konko.

Sanatsutse. Sanali munthu wa mawu ambiri. Anangouza Mulungu, ndi mayi wa mafizo.

Chipinda cha mafizo chinali kumapeto kwa khonde lalitali la chipatala, kupitirira pochapira. Munali mamatiresi opyapyala obiriwira, zitsulo ziwiri zogwirira poyenda, mpira waukulu wophwa pang'ono, ndi kalilole wothyoka pakona. Munkanunkha sopo ndi labala. Amayi a ana sankalowa nthawi ya mafizo. Ankakhala pabenchi m'khonde n'kumasuzumira pagalasi la pachitseko, akusinthana, wina akugwirira mnzake chikwama. Amayiwo anamupatsa mayi wa mafizoyo dzina loti a Dikirani, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankamveka kwambiri kuchokera m'chipindamo. Mwana akamavutika ndi batani, wophunzira ntchito akatambasula dzanja kuti athandize, pankamveka kuti, "Dikirani." Anali wamfupi, wa maso otopa, ndipo ankadya nkhomaliro yake ataimirira.

"Akatha kuchoka pabedi kukakhala pampando yekha, zotsalazo n'zochepa," anatero a Dikirani atamva nkhani yonse. "Kuchimbudzi ndi njira yomweyo, bola pakhale chogwirira pakhoma. Tili ndi nthawi. Si yambiri, koma ilipo."

Ndipo Dona anaphunzira. Amake ankamuona pagalasi paja. Ankadzigubuduza n'kugona chafufumimba m'mphepete mwa bedi lalifupi, kutsitsa miyendo mpaka mapazi atapeza pansi, kugwira chitsulo ndi dzanja lamanja, kudzikoka, kutembenuka pang'onopang'ono ngati chitseko cholemera, n'kudzigwetsera pampando. Anamuphunzitsanso kugwa. A Dikirani ankati mwana amene sadziwa kugwa sangayerekeze kuimirira. Ankamugwetsa dala pamatiresi, chammbali, chibwano chili pachifuwa, kenako n'kumusiya akwawe mpaka pamwendo wa bedi adzikoke yekha. Amayi anzawo pabenchi ankawagwedeza phewa amake Dona. "Taonani adona anu, posachedwa akuchotsani ntchito."

Kunyumba zinkakanika.

Bambo ake anamangirira paipi yachitsulo kukhoma la kuchipinda ndi ina kuchimbudzi. Anawapatsa ndi mnansi wowotcherera zitsulo, amene anabwera nazo yekha atazipala kale kuti zisacheke dzanja. Bedi analidula miyendo kuti lifanane ndi la kuchipatala. Zonse zinali m'malo mwake. Koma mapazi a Dona akangokhudza simenti, miyendo inkauma gwa, zala za kuphazi zikuloza pansi, mawondo akumenyana, ndipo ankagwera m'manja mwa mayi ake ngati mtengo. M'mawa chimodzimodzi, madzulo chimodzimodzi. Mwanayo anayamba kukana kuyesa.

"Kapena ndi simentiyi, ikuzizira," anatero bambo ake madzulo ena akuvula nsapato. Anayala chiguduli. Sizinasinthe.

"Kapena kuchipatala amamupatsa kanthu," anateronso tsiku lina.

"Samupatsa kanthu, abambo ake. Ndimakhala ndikuona."

"Ndiye bwanji tingowalola achemwali amutenge? Inu mwatha, amake Dona. Tadziyang'anani."

Iwo sanadziyang'ane. Ankadziwa kale. Malamba a siketi anali atayamba kuzungulira kawiri, ndipo akakhala pansi kuti asankhe nyemba ankapezeka atagona mutu uli pakhoma.

A Dikirani atamva kuti kunyumba zikukanika, anamaliza kaye kupinda thaulo. Kenako anafunsa basi yokwera ndi potsikira. Anabwera Loweruka masana ataweruka, nsapato zili fumbi lokhalokha, atanyamula malalanje awiri m'kapepala. Anakana mpando n'kukhala pandowa yovundikira pakona ya chipinda. Anagwedeza paipi ija, anayeza bedi ndi bondo lake, n'kunena kuti amene anapanga zimenezi ali ndi manja abwino.

"Tiyeni adona. Ine kulibe. Chitani monga mumachitira masiku onse, inunso mayi chimodzimodzi."

Dona anadzigubuduza. Amake anaima pamalo awo a nthawi zonse, pafupi, atawerama pang'ono, manja ali m'malere kumbuyo kwa mwanayo osamukhudza. Miyendo inatsetsereka m'mphepete mwa bedi. Phazi lamanja linapeza pansi, lamanzere likufufuzabe. Amake anakoka mpweya.

"Yesu, mugwireni," ananong'ona.

Miyendo inauma pomwepo. Dona anapendekeka, ndipo manja aja anamulandira. Chotupa chinakoka. Anamubwezera pabedi, nakhala pambali pake akupuma.

A Dikirani sanasunthe pandowa paja. Anafunsa mofatsa, "Mumatero nthawi zonse?"

"Kutani?"

"Kupemphera."

Amake Dona anayang'ana manja awo. Sankadziwa n'komwe kuti mawuwo amatuluka. Anayamba kuwanena mwanayo ali wakhanda, akamatsamwa mkaka, akamakomoka ndi malungo, ndipo anali atasanduka ngati kupuma.

"Ndimangonong'ona," anatero.

"Ndimamva," anatero Dona nkhope ili m'pilo. "Akati Yesu, ndimadziwa kuti ndikugwa."

Panja wina ankakhoma msomali.

"Minofu ya ana awa imamva mantha msanga kuposa makutu," anatero a Dikirani. "Akadzidzimuka pang'ono pokha, yonse imakoka nthawi imodzi, ndipo iye sangailetse. Kuchipatala pali galasi pakati panu. Kuno mumakhala m'khosi mwake. Ndikanayenera kufunsa kale, ine ndi amene ndinachedwa." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Sindikukuletsani kupemphera, mayi. Inenso popanda pemphero ntchito iyi ndikanaisiya. Koma muzipemphera mutamufulatira, pakamwa pali potseka. Yalani matiresi akale pansipa, mangani mabuleki a mpando, kenako yang'anani kukhoma."

"Akagwa?"

"Adzagwa. Kugwa amadziwa, ndinamuphunzitsa ndekha. Akagunda mutu kapena akakuitanani, tembenukani. Kupanda apo, dikirani."

Dona anaseka m'pilo muja. "Ndimadziwa kuti anena zimenezo."

Amake Dona anamuperekeza mayi wa mafizoyo mpaka pokwerera basi. Basi itafika, a Dikirani anawagwira pamkono n'kunena kuti, "Lalanje limodzi ndi lanu. Musamupatse onse."

Kufulatira kunali kovuta kuposa kunyamula. Zaka zonsezi maso awo anali asanachoke pa mwanayo akamasuntha. Ngakhale akuchapa panja, khutu limodzi linkakhala m'nyumba. Tsopano ankaima moyang'ana khoma, pamene penti inasupuka n'kusiya chibowo chooneka ngati khutu la kapu, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka nsalu ikukhuzika, mpweya wa mwana, paipi ikulira. Thupi lonse linkawauza kuti mayi wabwino satero. Tsiku loyamba anatembenuka mapazi asanafike n'komwe pansi. Tsiku lina anapirira mpaka anamva phazi likuterereka, ndipo dzina lija linatuluka lokha. Dona anagwera pamatiresi, n'kulira chifukwa cha mkwiyo.

"Mwanenanso! Tulukani!"

"Pepa mwanangu."

"Mukufuna ndipite kwa azakhali."

Iwo anatuluka, nakaima kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankasoka zovala pakhonde, anawaona. Anangodzuka, natenga ndowa zawo ziwiri zopanda madzi, n'kupita nazo kumpopi.

Kamodzi kokha, atatsala pang'ono kugonekedwa m'chipatala, Dona anafika pampando iwo atafulatira. Mawa lake zinakanikanso. Bambo ake anati kamodzi si umboni, ndipo ananena zoona.

Azakhali anafika dzulo lake la tsiku logonekedwa, ndipo m'mawa mwake anadzuka ndi changu cha munthu amene ali ndi basi yoti aipeze. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu okwera, wosatha kukhala manja ali chabe. Anali atakolopa kale pabalaza, atalongedza zovala za Dona m'chikwama, n'kudzudzula mlongo wawo chifukwa cha malaya osasita. Bambo a Dona anali atapempha kuti asapite kuntchito m'mawawo. Anakhala patebulo ndi tiyi wozizira, akutembenuza kapu.

"Alamu, musadandaule," ankatero azakhali akumanga zipi. "Kwathu akakhala ngati mfumukazi. Sakakhudza kanthu. Inu mukangoganiza za bala lanulo."

Kuchipinda kunamveka mawu a Dona. "Ndikufuna kukodza."

"Ndabwera, mwana wa mlongo wanga, ndabwera." Azakhali anaponya chikwama pampando n'kulunjika kuchipinda akupinda manja a bulauzi.

Amake Dona anali pafupi ndi khomo. Mpando anali ataumanga kale mabuleki pambali pa bedi, matiresi ali pansi, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Sanaganize zambiri. Anangoima pakhomopo, msana kuchipinda, nkhope kwa alamu awo, nakoka katani kumbuyo kwawo. Dzanja limodzi linagwira felemu uku, lina uku.

"Dona," anatero osatembenuka, ndi mawu a masiku onse, "mpando uli pomwepo. Ife tili kuno."

"Alamu, tapatukani, mwana akufuna kuchimbudzi."

"Apita yekha."

"Yekha bwanji? Mwayamba kudwala mutu tsopano?"

"Tiyeni tidikire pang'ono, alamu. Ndapota nanu. Komanso tisakweze mawu."

Azakhali anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, ukungoyang'ana? Mkazi wako akuzunza mwana pamaso pako."

Bambo a Dona anayang'ana mkazi wawo, kenako kapu yawo. "Khalani pansi, achemwali," anatero motsitsa. "Tiyi wanu akuzizira."

Kuseri kwa katani kunamveka bedi likulira, nsalu ikukhuzika. Amake ankadziwa phokoso lililonse ndi tanthauzo lake. Uko ndi kugubuduka. Uko ndi miyendo ikutsika. Anatseka pakamwa, lilime analikanikiza kumano. Anayang'ana batani lapamwamba la bulauzi ya alamu awo, limene linasokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu, ndipo anapemphera m'kati, mopanda mawu enieni, ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza amene akuopa kuitaya.

Paipi inalira. Kenako phazi linaterereka, ndipo kunamveka thupi likugwera pamatiresi, ndi chitsulo cha mpando chikugunda khoma.

Azakhali anatsegula pakamwa. Amake anasiya felemu ndi dzanja limodzi n'kuwagwira pamkono mwamphamvu, akupukusa mutu. Azakhali anakankha ndi phewa, ndipo chotupa chija chinabaya mpaka m'maso munachita mdima, koma iwo sanasunthe. Anamvetsera. Mutu sunagunde. Mwana sanaitane. Kunali kupuma kokha, kofulumira, kwa munthu wokwiya.

"Mulungu akuoneni," ananong'ona azakhali, misozi ikutsika. "Mwana ali pansi."

"Akudziwa," anatero amake. Sanafotokoze ngati akunena Mulungu kapena mwanayo.

Zinatenga nthawi yaitali. Panja panadutsa wogulitsa makala akuitanira malonda, mawu ake anakula, n'kuzimiririka. Makina a mnansi wosoka uja analira, anasiya, analiranso. Kuchipinda kunamveka zigongono zikukwawa pamatiresi, dzanja likumenya mwendo wa bedi, kuphonya, kumenyanso. Bambo a Dona anali ataphimba maso ndi chikhatho. Paipi inaliranso, nthawi ino motalika, ngati ikufuna kuzuka. Kenako mpando unalandira kulemera, matayala n'kulira pang'ono pasimenti.

"Amayi okha alowe," anatero Dona.

Anamupeza atakhala chopendekeka pampando, thukuta lili chuchuchu, bondo litasupuka pang'ono. Diresi linali litanyowa kutsogolo, ndi matiresi omwe. Ankayang'ana kuwindo, chibwano chili m'mwamba.

"Sindinafike kuchimbudzi."

"Wafika pampando."

"Musawauze azakhali za diresi."

"Sindiwauza." Anamupatsa diresi lina ndi kansalu konyowa. Manja awo ananyamuka okha kuti amuvule, koma anawabweza, n'kukhala pabedi. Dona anayamba kulimbana ndi mkono wa diresi, akuluma mlomo.

Amake atatuluka anapeza azakhali atakhala pampando wa patebulo, akupukuta maso ndi m'mphepete mwa nsalu yawo. Anali ataona zokwanira pamene katani inatseguka.

"Mtima wanu ndi wa mwala, alamu," anatero. Panalibe ukali m'mawu mwawo. "Ine sindikanatha."

"Inenso sindimatha. Lero lokha."

"Ndiye mukatuluka m'chipatala, azidzagwa chonchi tsiku lililonse, inu muli chigonere?"

"Masiku ena adzagwa. Akapita kwanu, alamu, mudzamusamala bwino kwambiri, ndikudziwa. Koma akabwera adzakhala ataiwala zonsezi, ndipo ine sindidzathanso kumunyamula. Akukula."

Anali mawu ambiri kuposa amene ananenapo kwa alamu awo chikwatiwire. Azakhali anayang'ana mlongo wawo, amene anangogwedeza mutu pang'ono. Anayang'ana chikwama, napumira m'mwamba.

"Nkhuku zanga zifa ndi njala," anatero. "Bambo a kwathu sadziwa ngakhale pamene pamakhala chimanga chake. Chabwino. Ndikhala kuno mpaka mutuluke m'chipatala, tsiku limenelo ine ulendo. Mwanayo atsale. Koma zofulatirazo musandipemphe. Akamatsika pabedi ine ndizituluka panja, ndizikaima kumsewu."

"Kumsewu kuli bwino."

"Ndipo iwe," anatero kwa mlongo wawo, "paipi imene ija uimangenso. Ndaimva ine, ikugwedera."

Bambo a Dona anadzuka kukafuna sipanala. Podutsa anaika kapu ya madzi patsogolo pa mkazi wawo. Iwo anamwa pang'ono, ndipo m'pamene anazindikira kuti adziluma lilime. Anakhala pampando.

Chikwama chaulendo m'nyumbamo chinali chimodzi chokha. Anachikokera pafupi, natsegula zipi. Anatulutsa madiresi a Dona, majuzi ake ndi nsapato zake zolimba zija, n'kuziunjika bwino patebulo. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba, kukatenga thaulo lawo, sopo ndi zovala zogonera, kuti madzulo asanafike akhale ali kuchipatala.